Mwana akufuna kusiya Physics ndi Chemistry koma akulota unamwino, ndimulole?

Admin ndibiseni dzina.

Moni nonse m'gulu muno, makamaka aphunzitsi ndi inu amene munadutsamo kale. Ndikulera mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 16, ali Fomu 3 pa CDSS ina kwathu kuno ku Dedza. Bambo ake anatisiya, ndiye fizi, yunifomu ndi makope zonse zili pa ine malume wake. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndimagulitsa zipangizo za njinga pamsika, moti za maphunzirozi ndimangovomera pamene sindikuzitsata.

Lipoti la teremu yathayi lili motere: Chichewa 78, Agriculture 71, Biology 66, Geography 58, Chingerezi 47, Chemistry 35, Physics 31, masamu 24. Dzulo wandiuza kuti akufuna kusiya Physics ndi Chemistry, atenge History ndi Bible Knowledge. Akuti anzake amuuza kuti pa MSCE amawerengera maphunziro 6 okha amene wakhoza bwino, ndiye palibe chifukwa chovutikira ndi zomugwetsa. Koma mwana yemweyu chiyambire ali Sitandade 5 amati adzakhala namwino.

China chikundizunguza mutu. Loweruka amandithandiza pa benchi. Munthu akagula machubu awiri, masipoko 36 ndi pampu, iye amakhala wanena kale mtengo ndi chenji ine ndisanatulutse foni kuti ndiwonkhetse. Nanga 24 ameneyu akuchokera kuti? Ndimulole asiye, kapena ndiumirire?

Mphunzitsi wa masamu, Ntcheu:
Amalume, anzakewo amuuza theka la nkhani. Ndi zoona kuti mapointsi amawonkhetsa pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino kwambiri. Pa MSCE 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kukhoza chabe, 9 ndi kulephera. Koma posankhira ana ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, sayang'ana mapointsi okha. Amafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, kenako kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna. Munthu akhoza kupeza mapointsi 14 ndi History, Bible Knowledge ndi Chichewa, koma za chipatala khomo n'kukhala lotseka.

Tsono ine ndikuona kuti mwanayu sakudwala matenda atatu, akudwala amodzi. Physics ndi Chemistry zikugwa chifukwa masamu agwa. Mu Chemistry akamuuza kuti mole imodzi (muyezo wa kuchuluka kwa chinthu mu Chemistry) ya madzi imalemera magalamu 18, ndiye apeze ma mole mu magalamu 90, kumeneko n'kugawa basi, monga amachitira pa benchi panupo. Ndipo akathawa masamu uku akakumana nawo uko. Mu Geography muli mapu a 1:50,000, pomwe masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Mu Agriculture, mmene akupezamo 71, amawerengera kuti mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, zimapereka mitengo ya chimanga pafupifupi 53,000 pa hekitala. Mfunseni ngati zimenezi amazikhoza. Ngati amazikhoza, masamu amawadziwa, chimamuopsa ndi x ndi y. Ana ambiri amasochera ku Fomu 1 pa ma fraction, manambala okhala ndi minus kutsogolo ndi kusamutsa zilembo mu formula, n'kumangokankhidwa mpaka Fomu 4 bowo lili pomwepo. Abwerere ku buku la Fomu 1, asachite manyazi.

Namwino, Zomba:
Chonde amalume asasiye. Kaya ku KUHeS, yunivesite ya boma ya za umoyo, kaya ku makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, za unamwino amayang'ana sayansi, masamu ndi Chingerezi. Muzionanso chilengezo cha chaka chimenecho chifukwa amalemba bwinobwino zofunika pa kosi iliyonse. Ndiye masamuwo si a mayeso okha. Ine tsiku lililonse ndimawerengera mankhwala a mwana molingana ndi sikelo yake, ndi madontho a dripi pa mphindi. Ukaphonya kadontho ka desimali pa nambala, wapha mwana wa eni.

Bambo wina wa ku Mzuzu:
Ine ndisiyana nanu pang'ono. Tisamakakamize ana chifukwa cha zimene ananena ali Sitandade 5. Mwana aliyense wa Sitandade 5 amati adzakhala namwino kapena woyendetsa ndege. Ine ndinaumirira Physical Science nthawi imene Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi, ndinapeza 9, ndipo nthawi imene ndinatayira kumeneko inandidyera credit ya Geography. Ndinachita kubwereza. Mwana wa 78 mu Chichewa ndi 71 mu Agriculture ali ndi njira zambiri, kuli uphunzitsi, kuli za ulimi. Mukhale naye pansi mumve ngati unamwinowo akuufunabe, kapena akungoopa kukukhumudwitsani poti ndinu mukulipira.

Mphunzitsi wa masamu, Ntcheu:
Achimwene a ku Mzuzu, pa kumufunsa mwanayo ndagwirizana nanu. Koma za ulimi mukunenazo, ku LUANAR, yunivesite ya za ulimi, nakonso sayansi ndi masamu amazifuna. Ndiponso ali Fomu 3, ali ndi chaka chathunthu ndi miyezi pamwamba. Akanakhala kuti mayeso a MANEB ndi mwezi wamawa ndikanalankhula zina.

Mnyamata wina:
Kkkk amalume mukufuna kutaya kashiya waulere pa benchi, n'chifukwa chake mukuumirira masamu.

Mayi wophunzitsa Chingerezi, Lilongwe:
Aliyense wathamangira masamu, koma ine diso langa lili pa 47 uyo. Chingerezi ukalephera, satifiketi ya MSCE sutenga, ngakhale zina zonse utapeza ma 1. Ndiye maphunziro onsewo, kupatula Chichewa, amafunsidwa m'Chingerezi. Ndaona ana ambiri odziwa zinthu akutaya mamalikisi chifukwa funso lati explain iwo angotchula mawu amodzi, kapena lati state iwo alemba theka la tsamba nthawi n'kuwathera. Amalume, pemphani mapepala amene analemba teremu yatha, osati lipoti lokha. Muone naye limodzi pamene anataya mamalikisi: sanadziwe yankho, kapena sanamve funso? Ndipo aziwerenga chilichonse cha Chingerezi tsiku lililonse, ngakhale nyuzipepala yakale yokulungira katundu, kenako akufotokozereni m'Chichewa zimene wamva. Mwana wa 78 mu Chichewa amatha kale kumanga chimangirizo ndi kufupikitsa nkhani, luso limenelo ndi lomwelo.

Mtsikana wophunzira ku MUST:
Ine ndachokera pa CDSS yopanda labu, titration, kuyeza mphamvu ya acid pothiramo base pang'onopang'ono, ndinaiona koyamba titatsala pang'ono kulemba mayeso. Aphunzitsi athu ankatiphunzitsa za acid ndi base ndi madzi a chidede. Ukathiramo mandimu amafiira kwambiri, ukathiramo chidulo chophikira therere amasanduka obiriwira. Kuyambira tsiku limenelo Chemistry inasiya kundiopsa. Chinandithandizanso ndi kagulu ka anthu anayi, aliyense ndi phunziro lake limene amalitha, n'kumaphunzitsana pogwiritsa ntchito mapepala akale a MANEB. Iyeyo akhoza kupereka Biology, mnzake n'kumupatsa masamu. Magulu a anthu khumi ayi, amasanduka bwalo la miseche.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndawerenga zonse, ndi iwe wa kashiya waulere ndakuona. Usiku ndinamuitanitsa mapepala aja monga ananenera amayi a ku Lilongwe. Pa pepala la Physics panali funso la galimoto yoyenda makilomita 120 pa maola awiri, iye anangosiya osalemba kanthu. Ndinamufunsa m'Chichewa kuti minibasi ikayenda mtunda umenewo pa maola awiri ndiye kuti pa ola limodzi ikuyenda bwanji. Anati 60 ndisanamalize kulankhula. Akuti mawu oti average speed ndi amene anamubalalitsa, ankaganiza kuti pali formula ina imene anaiwala. Anayamba kulira, ine ndinasowa chonena.

Za unamwino ndamufunsa ngati mmene ananenera abambo a ku Mzuzu, wati akuufunabe, koma amaopa aphunzitsi a masamu chifukwa ukalakwa pa bolodi kalasi yonse imaseka. Tagwirizana kuti sasiya kanthu teremu ino, tione lipoti likubwerali. Lolemba ndipita kusukulu kukaonana ndi aphunzitsi a kalasi yake. Aphunzitsi a ku Ntcheu, buku la masamu la Fomu 1 lija, n'koyenera kugula latsopano kapena ndikhoza kungobwereka la ku laibulale ya sukulu? Ndipo aziyamba mutu uti?