Makutu akulira chibwerereni ku nkhondo, chipukuta misozi ndiyambire pati?

Abale anga, makamaka inu amene munagwirako usilikali kuno ku Britain, ndithandizeni nzeru.

Ndinali m'gulu la asilikali oyenda pansi, ndipo mu 2010 ndinali ku Helmand, ku Afghanistan. Chibwerereni, khutu lamanzere limangolira ngati nyenje za mu Okutobala, usana ndi usiku. Kuti ndipeze tulo ndimasiya wailesi ikulankhula chapansipansi. Dzulo mwana wanga anandiitana katatu ali pambali panga pomwepa, mpaka anachita kundigwira dzanja. Zinandipweteka mumtima.

Adokotala akuti ndi tinnitus, ndipo pepala la zotsatira zoyeza makutu ndili nalo.

Ndikudziwa kuti asilikali ovulala kuyambira pa 6 Epulo 2005 amapempha chipukuta misozi kudzera ku ndondomeko ya boma yotchedwa Armed Forces Compensation Scheme, koma pali malire a zaka 7. Kodi kwa ine amawerengera kuyambira liti, poti pamene ndinali pantchito sindinadandaulepo? Ndinkaopa kuoneka wofooka. Nanga amalipira kulira kwa khutu pakokha, kapena mpaka kumva kuchepe ndithu?

Amene munathandizidwapo ndi a Royal British Legion, bungwe lothandiza asilikali akale, polemba mafomu, anakufunsani mapepala ati? Chonde ndiuzeni, ngakhale kumbali.