Gulu loimba pa madyerero a ukwati a masana: tisankhe bwanji?

Zakhali wa mkwatibwi, Lilongwe:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munayendetsapo maukwati kapena amene mumaimba m'maukwati. Mwana wa mchimwene wanga akukwatiwa mwezi wa Okutobala kuno ku Lilongwe, ndipo komiti yandipatsa udindo woona za nyimbo. Ukwati udzadalitsidwa Loweruka m'mawa ku tchalitchi, kenako madyerero adzachitikira panja pa kapinga, pansi pa matenti, kuyambira 1 koloko masana mpaka cha m'ma 5 koloko, popeza tikufuna kuti alendo ochokera kutali anyamuke kusanade.

Akwatiwo anena poyera kuti sakufuna nyimbo za pa kompyuta zokhazokha, koma gulu loimba pamaso pa anthu, lokhala ndi magitala, kiyibodi ndi ng'oma. Ena m'komiti akuti bandi ndi ya usiku, pamene anthu akungofuna kuvina, ndipo kuitenga masana ndi kutaya ndalama chifukwa nthawi yambiri imathera ku perekani-perekani ndi zolankhula. Ine mtima wanga uli ku bandi, koma sindikufuna kukakamira chinthu chimene chingasokoneze mwambo kapena kuchepetsa ndalama zimene ana athuwa akuyembekeza kuyambira banja. Kodi bandi ingathe kuyendetsa perekani-perekani bwinobwino? Ngati ingathe, ikhale ya anthu angati, ndipo tifunse chiyani tisanapereke ndalama ya chikole? Ndionjezere kuti akuchimuna ambiri akuchokera ku Nkhotakota, ndipo mbali zonse ziwiri kudzakhala akuluakulu a mpingo.

Woyendetsa mwambo, Blantyre:

Azakhali, anzanu a m'komitiwo sakulakwa ponena kuti madyerero a masana ndi a perekani-perekani, koma akulakwa poganiza kuti bandi ilibe malo pamenepo. Funso loyenera kufunsa gulu lililonse si lakuti limaimba mokoma bwanji, koma lakuti limamvera woyendetsa mwambo bwanji. Pa maola anayi amene mwatchulawo, MC amaitana magulu motsatizana: makolo a mkwati, makolo a mkwatibwi, ankhoswe, a mpingo, anzawo a kuntchito, komiti, ndi ena otero. Gulu lililonse likaitanidwa, nyimbo iyenera kuyamba anthu asanaimirire n'komwe, chifukwa pakangokhala chete kwa kanthawi, amene anali ataika kale dzanja m'thumba amalibweza n'kuyamba kucheza ndi mnzake. Chimodzimodzinso MC akakweza dzanja, nyimbo iyenera kuduka pomwepo, ngakhale woimbayo ali pakati pa ndime imene amaikonda. Gulu lozolowera kuimba m'mabwalo a zisangalalo, kumene anthu amalipira pakhomo kuti adzalione, nthawi zina limavutika ndi lamulo limeneli, popeza kumeneko ndilo limakhala mwini tsiku. Pa ukwati eni tsiku ndi akwati, ndipo oimba ndi othandiza mwambo.

Gulu likamvetsa zimenezi, limachita zinthu ziwiri zimene kompyuta singathe. Choyamba, limatalikitsa nyimbo molingana ndi mmene anthu akuperekera. Nyimbo yojambulidwa imatha nthawi yake ikakwana, ngakhale mzere wa opereka usanathe, pamene oimba amangobwereza kolasi mpaka munthu womaliza ataponya yake m'beseni. Chachiwiri, woimba wochenjera amalowetsa mfunda wa banja m'nyimbo. Akatchula a Phiri kapena a Banda uku makolo akuvina mozungulira akwati, amayi amaimba nthungululu, amalume amene anali atakhala pansi amaimiriranso n'kupita kwa makashiya kukasinthitsa ndalama ina. Zimenezi ndaziona ndi maso anga, ndipo n'chifukwa chake sindivomereza kuti bandi imachepetsa zopereka.

Koma musasiye DJ. Operekeza akwati amakhala ataphunzira masitepe awo motsatira nyimbo yojambulidwa, ndipo bandi ikaiimba mofulumirako pang'ono kapena ikadumpha ndime imodzi, mzere wonse umasokonekera pamaso pa anthu. Achinyamata nawonso amapempha nyimbo zimene zangotuluka kumene, zimene gulu silinaphunzire. Komanso oimba ndi anthu, sangaimbe maola anayi osapuma. Ine ndimagawa motere: bandi iimbe pamene alendo akufika ndi kukhala pansi, pa magawo a makolo, ankhoswe ndi a mpingo, ndiponso podula keke, DJ atenge kalowedwe ka operekeza akwati, magawo a achinyamata, ndi nthawi imene oimba akupuma. Onsewa agwiritse ntchito zokuzira mawu zimodzi, kuti pasakhale kulimbirana. Ndipo konzani zoti MC, mtsogoleri wa bandi ndi DJ akumane kusanafike tsikulo, aliyense akhale ndi pepala la ndondomeko lolembedwa nyimbo pambali pa gulu lililonse.

Woimba kiyibodi, Zomba:

Zimene anena bambo oyendetsa mwambowa ndi zoona, azakhali, ndipo ine ndionjezere za zida, chifukwa maukwati a panja amavutira pamenepo. Mwezi wa Okutobala ku Lilongwe kumatentha kwambiri, kawirikawiri kufika madigiri 30 kapena kupitirira, ndipo mwambo wanu ukuyamba nthawi imene dzuwa likuswa mtengo. Oimba akhale ndi tenti yawoyawo, osati kapinga wopanda kanthu pambali pa tebulo la akwati. Gitala ikakhala padzuwa zingwe zake zimasintha mawu, ndipo woimba amathera nthawi kuikonza m'malo moimba. Ampulifaya ikatenthedwa mopitirira muyeso imadzizimitsa yokha. Pokaona malowo, mupite masana nthawi yomwe mwambo udzachitike, muone kumene mthunzi ukugwera. Malo amene ali ndi mthunzi wabwino 11 koloko m'mawa akhoza kukhala padzuwa lenileni 3 koloko, choncho khomo la tenti ya oimba lisayang'ane kumadzulo. Kumbukiraninso kuti kumapeto kwa mweziwo chizimalupsa chikhoza kugwa mosayembekezereka, ndiye tentiyo ikhale yosadontha ndipo zingwe za magetsi zisagone pamalo pamene madzi angadikhe.

Magetsi akhoza kuthima nthawi iliyonse, choncho jenereta si yokambirana. Funsani kuti adzabwera nayo ndani, eni malo kapena bandi, ndiponso adzagula mafuta ndani. Iikidwe patali, kuseri kwa nyumba kapena mpanda, kuti phokoso lake lisalowe m'maikolofoni, ndipo isagawidwe ndi mafiriji kapena zotenthetsera chakudya, chifukwa zimenezo zikayaka mphamvu imatsika ndipo zida zathu zimaonongeka. Panja mawu amabalalika popeza palibe makoma owabweza, ndiye masipika akwezedwe pa miyendo yake kuti mawu adutse pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo aime kutsogolo kwa oimba kuti maikolofoni asalire. Kuyesa zida kuthe pofika 12 koloko, pamene anthu ali kojambulitsa zithunzi. Mlendo woyamba akamalowa apeze nyimbo ikumveka kale, osati mnyamata akubwereza mawu amodzimodzi pa maikolofoni.

Za kukula kwa gulu, anthu 5 kapena 6 akwanira: wa ng'oma, wa bezi, wa gitala, wa kiyibodi, ndi oimba awiri, wamwamuna ndi wamkazi, kuti nyimbo za mbali zonse zitheke. Ngati thumba likulola, woimba lipenga kapena saksofoni amakometsa kwambiri nthawi imene anthu akulandira chakudya. Magulu akuluakulu odziwika dziko lonse, monga Alleluya Band ya ku Balaka kapena Black Missionaries ya ku Chileka, ali ndi luso losakayikitsa, koma gulu lotere limayenda ndi anthu ambiri ndi zida za bwalo lalikulu, ndipo mukaliitana kuchokera kutali mumalipiranso mayendedwe ndi malo ogona. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300. Kwa mwambo wa maola anayi, funani gulu la mumzinda momwemo.

Mayi wa Chigwirizano, Nkhotakota:

Achemwali, ndakondwa kuti mwatchula akuluakulu a mpingo ndi alendo a kwathu kuno, chifukwa kawirikawiri posankha nyimbo anthu amaganizira achinyamata okha. Masana pamakhala agogo, abusa, ana aang'ono ndi apongozi amene akuonana koyamba tsiku lomwelo. Nyimbo imene ingadutse usiku anthu osaimva bwino mawu ake, masana imamveka liwu ndi liwu, ndipo mawu otukwana kapena onyoza akazi amachititsa manyazi banja lonse. Pemphani mndandanda wa nyimbo zonse kwa bandi ndi kwa DJ yemwe, muuwerenge ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo ngati mpingo wa akwatiwo uli ndi malamulo pa za kavinidwe, mumve kwa abusa nthawi ilipo.

Chachiwiri ndi phokoso. Achibale ena sanaonane kwa zaka, ndipo ukwati ndi pamene amapezera mpata wofunsana za kumudzi. Nthawi ya chakudya oimba atsitse mawu kuti munthu amve mnzake wapampando woyandikana nawo. Akuluakulu musawakhazike pafupi ndi masipika.

Ndipemphenso kuti mupatule kanthawi kochepa ka amayi akuchimuna. Ife a kunyanja kuno tili ndi chioda, ndipo amayi akavala zitenje zofanana n'kulowa m'bwalo ndi ng'oma zawo kudzalandira mpongozi wawo, banja lakuchikazi limaona kuti mwana wawo walandiridwa ndi mtundu wonse, osati ndi mwamuna yekha. Sizifuna magetsi kapena malipiro aakulu, koma malo m'galimoto ndi chakudya. Kwaya ya mpingo nayonso ikhoza kuimba nyimbo imodzi kapena ziwiri pambuyo pa pemphero lotsegulira. Zimenezi zimapatsa bandi mpata wopuma popanda kusiya bwalo lili zii. Muuze MC aziike m'ndondomeko yolembedwa, chifukwa zinthu zongogwirizana pakamwa ndizo zimayamba kudumphidwa nthawi ikathina.

Zakhali wa mkwatibwi, Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse. Nkhani ya chioda ndaitumiza kale kwa ankhoswe akuchimuna, ndipo za kugawa ntchito pakati pa bandi ndi DJ ndikazitula ku komiti Lamulungu likubwerali. Chimene chikundidetsabe nkhawa ndi chikole. Pali magulu awiri amene atitumizira mavidiyo pa WhatsApp, onse akumveka bwino, ndipo onse akufuna theka la ndalama tsopano lino kuti atisungire tsikulo. Kodi ndingadziwe bwanji kuti anthu amene ndikuwaona m'vidiyomo ndi omwewo amene adzabwere?

Woimba kiyibodi, Zomba:

Nkhawa yanuyo ndi yoyenera, azakhali. Vidiyo imasonyeza mphindi zochepa zimene gululo lasankha lokha, ndipo mawu ake akhoza kukhala okonzedwa pa kompyuta. Funsani gulu lililonse kumene likuimba Loweruka likubwerali, mupemphe chilolezo kwa eni mwambowo, mukaime kumbuyo kwa theka la ola. Mukaone ngati afika nthawi yabwino, ngati avala molemekeza mwambo, ngati akusiya nyimbo MC akalankhula, ndiponso ngati wa kiyibodi akuimbadi kapena akungosindikiza batani kuti makina aziimba okha. Gulu limene likukana kuti mukalione musalipatse ndalama.

Miyezi ya chilimwe maukwati amachuluka, ndipo pali magulu ena amene amalandira ntchito ziwiri tsiku limodzi n'kudzigawa pakati, oimba odziwa kupita kwina, kwinako n'kutumiza obwereka. Njira yodzitetezera ndi pepala losainidwa ndi mbali zonse ziwiri, wapampando wa komiti ali mboni. Palembedwe maina a oimba amene adzabwere, makamaka wotsogolera nyimbo. Nthawi yofika ndi yomaliza. Zida zimene adzabwere nazo. Mwini jenereta ndi mafuta. Ndalama yonse, chikole chimene mwapereka, ndi chimene chidzachitike ngati mbali imodzi yalephera. Theka si lachilendo, koma mutumize pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki kuti umboni utsale, ndipo yotsalayo muipereke mwambo ukatha. Mugwirizanenso za ndalama zimene anthu amafupa oimba. Alendo akasangalala amaponyera woimba ndalama, ndipo ngati simunanene kale kuti zimenezo ndi za ndani, makashiya ndi bandi amakangana pamene akwati akutsanzika. Magulu ambiri amavomera kuti zonse zogwa m'bwalo nthawi ya perekani-perekani ndi za akwati, malinga mwawauza poyamba.

Ngati akwati ali ndi nyimbo yawo imene akufuna kuti bandi idzaimbe, itumizeni milungu itatu kapena inayi tsikulo lisanafike kuti aiphunzire. Funsaninso eni malo ngati ali ndi chiphaso cha bungwe la COSOMA, limene limayang'anira za umwini wa nyimbo m'dziko muno motsatira lamulo la 2016, kuti nkhani imeneyo isadzakugwereni inu. Ndipo powerengera mbale za chakudya ndi madzi akumwa, muwerengere oimba, DJ ndi anyamata onyamula zida, popeza amafika m'mawa ndipo sachoka pamalopo mpaka chingwe chomaliza chitakulungidwa.