Ana akuti lole ikukwawa, ndiwaonetse bwanji kuti maso amanama?

Abale anga, makamaka aphunzitsi a sayansi ndi madalaivala, ndigawireni nzeru. Ndimaphunzitsa Sitandade 5 kuno ku Nkhotakota ndipo ana athu ambiri amawoloka msewu wa M5 m'mawa ndi masana. Njinga yamoto ikamabwera amaima, koma lole yodzaza nzimbe amaidula kutsogolo, ati ikukwawa. Chonsecho liwiro n'limodzi, nthawi zina yothamanga kwambiri n'kukhala loleyo.

Chomwe ndikudziwa n'chakuti diso siliyeza liwiro mwachindunji. Chinthu chikamabwera molunjika kwa iwe, ubongo umadalira mmene chithunzi chake chikukulira m'diso. Chikadali kutali chimakula pang'ono zedi, kenako chimangofutukuka mwadzidzidzi chitafika kale pamphuno. Chinthu chachikulu chimaonekanso chochedwa kuposa chaching'ono. Komatu galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi yokha!

Ndiye zimenezi ndingawaonetse bwanji pabwalo la sukulu, popanda kompyuta, kuti adzionere okha? Ndinaganiza zogubuduza mpira waukulu ndi waung'ono nthawi imodzi, koma ndi mchenga wa kwathu kuno sungayende mofanana. Nanga inu madalaivala, mumadziwa bwanji kuti yobwera kutsogoloyo ikadali patali musanapitirire inzanu? Kodi kuwerenga mapolo a magetsi kungamuthandize mwana wa zaka 10, kapena ndingowauza kuti lole ikangooneka adikire idutse basi?