Kodi bowling tingakasewere kuti kuchokera ku Mulanje?

Abale anga, ndithandizeniko. Bambo anga anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri, ndipo mpaka lero sanaiwale kanyumba kakale ka bowling komwe ankacheza ndi anzawo Loweruka madzulo. Amati mpira wake ndi wolemera, uli ndi mabowo atatu olowetsamo zala, ndipo umaugubuduza pa matabwa osalala kuti ugwetse timitengo khumi. Akayamba kufotokoza zimenezi, nkhope yawo imachita kuwala.

Mwezi wamawa akukwanitsa zaka 70, ndiye ndikufunitsitsa ndiwatengereko limodzi ndi amayi. Ife timakhala ku Chitakale. Alipo amene akudziwa malo otere ku Limbe kapena ku Blantyre? Akhale malo abata, opanda phokoso la oledzera. Mundiuzenso mtengo wake komanso nthawi yotsekera, poti tidzabwerera ku Mulanje usiku womwewo.