Za funso langa lija la kusiyana kwa anthu mu modelo ya system dynamics (njira yoyerekezera pa kompyuta mmene zinthu zimasinthira pakapita nthawi)

Ndinafunsa kuti modelo ya SIR (yomwe imagawa anthu patatu: amene angatenge matenda, odwala ndi ochira) ingaonetse bwanji kuti anthu sadwala mofanana, poti stock imodzi (bokosi la mu modelo losunga chiwerengero cha gulu limodzi mwa atatuwa) imaona onse ali m'katimo ngati ofanana. Nazi zimene zachitika.

Ndinatsatira malangizo anu ogwiritsa ntchito ma subscript (njira yogawira stock m'timagulu) mu pulogalamu ya Vensim. Ndinagawa anthu m'magulu 5 potengera zaka, kenako amuna ndi akazi, ndiye ma stock 3 aja anasanduka 30. Kusiyanitsa amuna ndi akazi sikunasinthe kanthu, moti ndinachotsa.

Chimene chinasintha zotsatira kwambiri ndi tebulo losonyeza kuti gulu lililonse limakumana kangati ndi linzake. Matenda anabuka msanga pakati pa amene amakumana ndi anthu ambiri, koma odwala onse pamodzi anachepa poyerekeza ndi modelo yoyamba yosagawa anthu ija. Chifukwa chake n'chakuti ofalitsa kwambiriwo amadwala koyambirira n'kuchira, ndipo matenda akatsala ndi anthu osayendayenda amafooka.

Chikundisautsabe ndi mmene anthu amasamukira m'gulu lina la zaka akamakula. Stock imasakaniza aliyense, ndiye mwana wongolowa kumene m'gulu la zaka 0 mpaka 14 amatha kutulukamo nthawi yomweyo. Kodi conveyor (stock imene zolowamo zimatuluka motsatana pakatha nthawi yoikika) ya mu pulogalamu ya Stella ingathetse zimenezi, kapena ndingosamukira ku agent-based (modelo yotsatira munthu aliyense payekha) mu pulogalamu ya AnyLogic?