Asipirini pa matimati ndi mbozi za Tuta m'madimba

Mlangizi wa ku Katete: Anzanga pa ntchito, alimi a gulu lina la m'madimba kuno akhala akusungunula mapiritsi a asipirini m'madzi n'kumapopera matimati sabata iliyonse poteteza matenda, koma tsopano masamba angoti mbuu ndi njira za mbozi za Tuta, zimene zimaboola n'kudya mkati mwa masamba a matimati, kuposa m'madimba oyandikana nawo. Kodi asipiriniyo angakhale ndi mbali pa zimenezi?

Mlangizi wa ku Chipata: Amayi, n'zotheka ndithu, chifukwa chomera chimadziteteza kudzera m'mahomoni amene nthawi zina amatsekerezana. Mbozi ikaluma tsamba, chomera chimapanga mahomoni otchedwa jasmonic acid, amene amadzutsa mapuloteni olepheretsa mboziyo kugaya chakudya m'mimba mwake, ndiponso amatulutsa fungo loitana timavu toikira mazira m'mbozi. Mapuloteniwo anawapeza ndi akatswiri a sayansi Green ndi Ryan mu 1972 m'masamba ovulala a matimati ndi mbatatesi. Salicylic acid, homoni inanso ya chomera komanso m'bale wake wa asipirini, ntchito yake ndi ina: amalimbana ndi mavairasi ndi tizilombo toyambitsa matenda timene timadya chomera chikadali chamoyo, ndipo mu 1979 zinaoneka kuti asipirini amalimbitsa fodya ku matenda a vairasi otchedwa mosaic. Pamene pagona vuto ndi pakuti pa matimati asipirini amatsekereza kupangidwa kwa jasmonic acid, choncho mlimi wopopera sabata ndi sabata angakhale akufooketsa chitetezo chomwe mbewu ikufunikira pa mbozi.

Mlangizi wa ku Petauke: Abambo a ku Chipata afotokoza bwino, koma tisafulumire kuweruza, pakuti chifikireni muno m'Zambia mu 2016, Tuta wakhala akuwononga ngakhale madimba amene sanaonepo asipirini. Amayi, taonani kaye ngati zotsalira za mbewu yakale zinachotsedwa, komanso ngati alimiwo sakubwereza mankhwala amodzimodzi ophera mbozi mpaka mbozi kuwazolowera, zomwe ine zimandidetsa nkhawa kwambiri. Kenako gawani dimba limodzi pawiri, mbali ina asiye asipirini, ndipo muziwerenga masamba obooledwa pa mbewu 20 mbali iliyonse kwa masabata atatu.

Mlangizi wa ku Katete: Zikomo, abambo nonse. Zotsalirazo zilipodi, zaunjikidwa m'mphepete mwa dimba, ndipo mawa tikazikwirira. Dimba tigawa Lolemba, ndipo ziwerengero ndidzakupatsani pamodzi ndi anzathu a ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera.