Za matenda a ana mu kompyuta ya sukulu: titsegule kapena ayi?

Mlembi: Abale, pa pulogalamu ya kompyuta imene tikufuna kugulira sukulu yathu ija patsala mfundo imodzi. Kuwonjezera pa kaundula wa mayina, malikisi ndi kujomba, muli mbali yolembamo za matenda a ophunzira. Ahedi akufunsa ngati tiitsegule kapena ikhale yotseka. Akufuna yankho lisanafike Lachisanu.

Msungichuma: Kutsegula kapena kutseka, ndalama yake ndi yomweyo. Ine pamenepa ndilibe mawu.

Aphunzitsi opuma: Itsegulidwe, ndipo ndinene chifukwa chake. Chaka china ndikuphunzitsa masamu, mtsikana wina anagwa pakati pa madesiki n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa. Ana onse anathawira pakhomo. Ine, poganiza kuti ndikuthandiza, ndinamukanikiza manja n'kumayesa kumulowetsa lula m'kamwa kuti asadzilume lilime. Madzulo mayi ake atabwera anati, "Koma ndinanena tsiku lolembetsa kuti ali ndi khunyu." Analidi atanena. Zinalembedwa m'buku lalikulu lachikuto cholimba, bukulo lili m'kabati ya mu ofesi, kiyi ali ndi munthu amene tsikulo anali kumsonkhano. Mwana ndinakhala naye miyezi isanu osadziwa kanthu. Chakudza sichiimba ng'oma, anzanga.

Anamwino: Aphunzitsi, pepani, koma lula ija ikanamuthyola mano. Munthu wa khunyu akagwa samuika kanthu m'kamwa ndipo samugwira mwamphamvu. Mumachotsa madesiki, kumuikira chofewa kumutu, akasiya kuphupha n'kumugoneka cham'mbali. Wina aziyang'ana nthawi: zikapitirira mphindi 5, kuchipatala msanga. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo 70 mwa 100 alionse akhoza kusiya kugwa atamamwa mankhwala oyenera. Ndiye ana oterewa alimo m'makalasi, ambiri osaonekera n'komwe.

Nkhawa yanga ndi yakuti tingalembe dzina la matenda lokha. Mawu akuti "shuga" pa sikirini sangamuthandize mphunzitsi. Chimene akufunika kuwerenga n'chakuti: mwanayu akayamba kunjenjemera, thukuta, kusokonezeka, shuga watsika, ngati akutha kumeza mupatseni magalamu 15 a shuga, dikirani mphindi 15, muonenso. Wa mphumu, inhela yake, kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa, imakhala m'thumba liti. Amene amatupa nkhope n'kubanika ikamuluma njuchi, jakisoni wa adrenaline ali kuti, ndipo ndani anaphunzitsidwa kubaya pantchafu. Kenako nambala ziwiri za makolo, osati imodzi.

Mayi wa ana awiri: Achemwali, zonsezo ndamva, koma ine ndikukana. Ofesi ya sukulu si chipatala. Inu munalumbira kusunga chinsinsi cha odwala; kalaliki analumbira kwa ndani? Ndinalowapo mu ofesi ya sukulu ina, pasiwedi italembedwa pa kapepala kachikasu komata pa kompyuta pomwepo, aliyense wobwera kudzadinditsa kalata akuwerenga. Tsono muganizire mwana amene amamwa ma ARV. Mawa lokha anzake adzakhala atamupatsa dzina, ndipo sadzabweranso kusukulu. Buku la m'kabati lija n'loipa, inde, koma silingatumizidwe pa foni kwa anthu makumi asanu nthawi imodzi.

Mnyamata wa makompyuta: Amayi, mwakhudza penipeni, koma ndifotokozeko mmene mapulogalamu abwino amachitira. Aliyense amakhala ndi akaunti yake, ndipo amaona zokhazo zimene waloledwa. Mphunzitsi wa kalasi amaona chizindikiro pa dzina la mwana ndi zoyenera kuchita, basi. Kalaliki wa fizi saona chilichonse cha thanzi. Pulogalamuyo imalembanso yokha kuti uje anatsegula fayilo ya mwana uje tsiku lakuti, nthawi yakuti. Ku Ulaya lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaika za thanzi m'gulu lapadera lofuna chitetezo choposa zina. Koma ndisaname: ngati aphunzitsi onse azilowera pa akaunti imodzi ya ahedi, zonse ndanenazi zagwa.

Mayi wa ana awiri: Ndiye wavomereza wekha, mwanawe.

Mnyamata wa makompyuta: Ndavomereza theka, amayi.

Anamwino: Za HIV ndili mbali yanu, achemwali. Zisalowemo n'komwe. Palibe chimene mphunzitsi angachite mosiyana m'kalasi chifukwa chodziwa zimenezo. Mwana akavulala n'kutuluka magazi, magolovesi amavalira aliyense. Muyeso wake ukhale uwu: kodi mwanayu angafe kapena kuvulala pa ola la sukulu ngati mphunzitsi sakudziwa? Ngati ayi, zitsale kwa makolo ndi adokotala ake.

Amalume a gulu: Ine funso langa ndi lachikale. Adzalembamo ndani, ndipo adzakonzamo ndani? Mwana amasintha mankhwala, kholo limasintha nambala. Chaka choyamba tonse tidzakhala ndi changu, chachitatu mudzapeza nambala ya munthu amene anamwalira kalekale. Komanso mwana sagwera mu ofesi. Amagwera ku bwalo la mpira, pa ulendo wa sukulu, tsiku limene magetsi azima. Pamenepo mphunzitsi athamangire kompyuta?

Aphunzitsi opuma: Amalume anena zoona. Ine tsiku lija sindikanatsegula kompyuta. Ndinkafunika kudziwa kale, sabata yoyamba ya teremu.

Mnyamata wa makompyuta: Pulogalamuyo ikhoza kutulutsa tsamba limodzi la kalasi iliyonse, losindikiza. Koma likatuluka papepala, chitetezo chija chatha.

Wapampando: Ndamvetsera nonse. Maganizo anga oti tipereke kwa ahedi ndi awa. Mbaliyo itsegulidwe, koma mulowe matenda okhawo amene angaike mwana pangozi mwadzidzidzi, monga achemwali anamwino anenera. Kholo lisaine lokha, ndipo lokana lisakakamizidwe. Kumayambiriro kwa teremu iliyonse makolo aonenso zimene zinalembedwa. Tsamba losindikiza lija likhale ndi mphunzitsi wa kalasi, osati pakhoma. Achemwali, kodi mungapeze tsiku limodzi lokaphunzitsa aphunzitsi?

Anamwino: Ndipeza. Koma abwerenso alonda ndi a masewera.

Mayi wa ana awiri: Bambo wapampando, sindinagonje. Mwana akamaliza sukulu, zimenezi zimafufutidwa liti, ndipo amafufuta ndani? Nanga kampani yogulitsayo, zolembazo imazisunga kuti, ndipo antchito ake amaziona? Sukulu ikadzasiya kulipira, zimapita kuti? Atiyankhe polemba, osati pakamwa. Asanayankhe, ine dzina la mwana wanga silowamo.

Mlembi: Ndalemba mafunso onse asanu. Ndiwatumiza mawa m'mawa, ndipo ahedi ndiwauza kuti za Lachisanu zija adikireko kaye.